Si lole iliyonse yamphuno imene ili Bedford

Kuseri kwa magalaja a ku Ndirande, ku Biwi ndi ku Luwinga, ngakhalenso m'maesiteti a fodya ndi tiyi, kukadali malole akale amene anaima zaka zambiri zapitazo, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake. Munthu akafunsa kuti lole imeneyo ndi yamtundu wanji, yankho silichedwa: "Ndi Bedford." Nthawi zambiri woyankhayo amakhala atalondola, chifukwa Bedford inalidi mbwee m'misewu ya dziko lino. Koma nthawi zina chimene chagona pamenepo ndi Austin, Albion, Leyland Comet kapena Thames Trader, ndipo dzina lake lenileni likupita kumanda limodzi ndi madalaivala amene ankachiyendetsa.

Ena anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu osowa chochita. Lole yakufa ndi yakufa basi, kaya ndi Bedford kaya ndi Albion. Koma amene anagulapo sipeya yolakwika chifukwa chongokhulupirira zilembo za pamphuno ya galimoto amadziwa kuti kusadziwa dzina kumadya ndalama. Palinso china choposa ndalama. Malole amenewa ndiwo ankanyamula fodya kupita naye ku okushoni ku Limbe, chimanga kupita nacho kumisika, njerwa za masukulu ndi zipatala, komanso anthu a matola m'misewu imene basi sinkapondako. Kulemba mbiri ya mtengatenga wa dziko lino popanda kudziwa maina a galimoto zimenezi n'kosatheka. Luso lozizindikira si lovuta kwenikweni, koma pali mfundo imodzi imene ambiri amaiphonya: nkhope ya lole ya ku Britain imanama, ndipo chizindikiro cha pamphuno chimanama kuposa nkhopeyo.

Poyambira pabwino ndi pa Bedford pomwepo. Dzinali linayamba mu 1931 ku Luton, pansi pa kampani ya Vauxhall, imene pa nthawiyo inali kale m'manja mwa General Motors ya ku America. Chizindikiro chake ndi chilombo cha m'nthano, mutu ndi mapiko a chiwombankhanga, thupi la mkango. Bedford ya mtundu wa O, imene inatuluka mu 1939 n'kupangidwa mpaka 1953, ili ndi mphuno yopapatiza, yobulungira kumapeto, nyali zake zili padera osati m'kati mwa thupi, ndipo galasi lakutsogolo ndi logawika pakati. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, asilikali anafuna galimoto yosavuta kupanga ndi kukonza. Mphuno yokongola ija inachotsedwa, m'malo mwake munabwera ina yamakona, yazitsulo zaphwatalala, ndipo lole yamatani 3 yoteroyo ankaitcha OY. Choncho mutu wa O wokhala ndi mphuno yamakona umanena wokha zaka zimene unapangidwa.

Mu 1953 kunabwera TA, yotakata kumaso, yofanana kwambiri ndi Chevrolet za ku America za masiku amenewo, galasi lake likadali logawika. Kenako mu 1958 kunatuluka TJ, ndipo iyi ndiye Bedford imene Amalawi achikulire amaiona m'maganizo akamva dzinali: galasi limodzi lopindika, boneti yotsetsereka kutsogolo kuti dalaivala aziona msewu pafupi. Inalipo kuyambira yaing'ono ngati J1 mpaka J5 ndi J6 zonyamula katundu wolemera. Nambala ikamakwera ndiye kuti katundu nayenso akukwera, matayala akukula, masipuling'i akulimba. Injini yotchuka ya zikuluzikuluzo inali ya dizilo ya masilinda 6 imene amakaniko amangoitcha 330, pafupifupi malita 5.4.

Pa TJ pomwepa pali msampha woyamba. Ku Britain analeka kuigulitsa mu 1975, koma fakitale ya ku Dunstable inapitiriza kuipanga kuti izitumizidwa ku Africa ndi ku Asia, kumene anthu ankaikonda chifukwa makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuiphwasula ndi masipanala wamba. General Motors italeka kupanga malole a Bedford mu 1986, fakitaleyo inagulitsidwa chaka chotsatira kwa kampani ya AWD, imene inapitiriza mitundu yomweyo mpaka inagwa mu 1992. Ku India nako Hindustan Motors inkapanga TJ yakeyake kwa zaka zambiri. Zotsatira zake n'zakuti malole awiri oimikidwa pamodzi, ooneka ngati mapasa, angasiyane zaka 25 ndipo angakhale ochokera m'mafakitale a maiko awiri osiyana. Wogulitsa akanena kuti "iyi ndi ya nthawi ya atsamunda" chifukwa chakuti ili ndi mphuno, wogula asafulumire kuvomera.

Bedford zopanda mphuno zili ndi mbiri yawoyawo. Imodzi yotchuka inali S ya mu 1950, yamatani 7, yonenepa masaya, ndipo mutu womwewo unaikidwa pa RL ya asilikali, yaitali msinkhu, yokoka ndi matayala onse. Galimoto zozimitsira moto zobiriwira zimene a ku Britain ankazitcha Green Goddess zinamangidwa pa RL yomweyo. Itafika TK cha m'ma 1960, zinthu zinasintha. Injini inabisidwa kumbuyo kwa mipando, ndipo makaniko ankaifikira kudzera pa tizitseko tiwiri tokwezera m'mwamba, kuseri kwa zitseko za dalaivala ndi wokwera. Tizitseko timeneti ndi umboni wosavuta kuuona. Mutu wa TK sugwada. Ngati mutu wooneka ngati wa TK ukugwadira kutsogolo kuti injini ionekere, imeneyo ndi TL ya mu 1980. Ngati uli pamwamba kwambiri, kumbuyo kuli tayala limodzilimodzi mbali iliyonse ndipo ekiselo yakutsogolo nayonso imakoka, ndi MK kapena MJ ya asilikali. Ngati uli ndi mabampala awiri osanjikizana ndi nyali 4, ndi KM yonyamula katundu wolemera. Mitundu inayi, nkhope pafupifupi imodzi, kampani imodzi.

Vuto limakula pamene nkhope imodzi ikupezeka m'makampani osiyana. Chifukwa chake ndi ndalama. Makina osindikizira zitsulo kuti zikhale mutu wa lole, chipinda chimene amakhalamo dalaivala chija, ankadula kwambiri, ndipo Britain inali ndi makampani ambiri opanga malole, ena ang'onoang'ono. Ambiri sakanakwanitsa kugula makina awoawo, choncho ankagula mitu yopangidwa kale kwa amisiri omwewo. Zinali ngati ana asukulu ovala yunifolomu imodzi, amene sungadziwe kwawo mpaka utawafunsa mfunda.

Nkhondo itangotha, kampani ya Briggs Motor Bodies inkapanga mutu umene unaikidwa pa Leyland Comet ya mu 1947, pa Thames ET6 ya Ford ndi pa Dodge yopangidwa ku Kew, ku London. Kuyambira pagalasi kupita kumbuyo malole atatuwa ndi amodzi. Amasiyana pamphuno pokha, ndipo ya Dodge inali yopindikira pansi moti madalaivala ankaiyerekeza ndi mlomo wa chinkhwe. Mu 1958 zinabwerezedwanso. Motor Panels ya ku Coventry inapanga mutu wobulungira wopanda mphuno umene Leyland, Albion ndi Dodge anagawana, n'chifukwa chake umatchedwa LAD. Apa odziwa amayang'ana chitseko. Pa Leyland Comet ndi pa Dodge chitseko ndi chachifupi, chimathera pamwamba pa tayala, moti dalaivala ankakwera popondera panati za tayalalo. Pa Albion ndi pa Leyland zikuluzikulu monga Beaver ndi Octopus chitseko ndi chachitali, chimatsikira kutsogolo kwa tayala ndipo chimabisa popondera. Albion inkatchukanso ndi ekiselo yakumbuyo yokhala ndi magiya ochepetsera liwiro m'kati mwa habu, ndipo habu yoteroyo imatukuka pakati pa tayala.

Mu 1964 Leyland inatulutsa mutu wa Ergomatic, wamagalasi aakulu, wogwadira kutsogolo, umene katswiri wa ku Italy Giovanni Michelotti anathandiza kujambula. Pofika nthawi imeneyo Leyland inali itameza kale anzake: Albion mu 1951, Scammell mu 1955, ndi gulu la AEC mu 1962. Mutu watsopanowo unaikidwa pa Leyland, pa AEC ndi pa Albion. Chizindikiro chikagwa, kapena mwini wina akachotsa cha kampani ina n'kumata pamenepo, chotsala n'kugwaditsa mutuwo n'kuona injini. Leyland yaikulu imakhala ndi O.600 kapena O.680, pamene AEC imakhala ndi AV505 kapena AV760. Amenewa ndi makina osiyana kotheratu, ndipo gasiketi ya imodzi singalowe pa inzake ngakhale malole awiriwo afanane chotani kunja.

Nkhani yoseketsa kwambiri ndi ya British Motor Corporation, kumene lole imodzi inavala maina anayi. FG ya mu 1960 inagulitsidwa ngati Morris komanso ngati Austin, kenako mu 1968 inakhala BMC, ndipo zaka ziwiri pambuyo pake inakhala Leyland. Mwamwayi FG siingasokonezedwe ndi ina iliyonse. Zitseko zake zili pamakona akumbuyo kwa mutu, zopendekeka, kuti zikatsegulidwa zisatulukire kwambiri mumsewu, ndipo pansi pa galasi lakutsogolo pali timawindo tiwiri toonera m'mphepete mwa msewu. Mbale wake wamphuno, WF, ndiye amene amatchedwa Bedford kawirikawiri popanda mlandu. Nayenso anavala maina omwewo, ndipo ambiri mwa malole amenewa anachokera ku fakitale ya ku Bathgate, ku Scotland.

Thames Trader, imene Ford inapanga kuyambira 1957 mpaka 1965, ili pakatikati: si yamphuno yeniyeni, si yopanda mphuno, koma ili ndi kamphuno kafupi kotukuka pansi pa galasi. Zoyamba zinalembedwa maina onse awiri pamzere umodzi m'munsi mwa boneti. Zotuluka kuyambira 1962 zili ndi zilembo za TRADER zomwazikana pakati pa nyali. Inalowedwa m'malo ndi Ford D, yamutu wogwada, imene inakhala mpaka 1981.

Ngati nkhope imanama chotere, munthu akhulupirire chiyani? Mboni yoyamba ndi maekiselo, chifukwa si chinthu chimene mwini lole amasintha mwachisawawa. Makampani ena akuluakulu ankapereka maina potsata chiwerengero cha maekiselo. Ku Leyland, Beaver inali ya maekiselo 2, Hippo ya 3, Octopus ya 4, ndipo Steer inali ya 3 koma awiri mwa iwo ali kutsogolo, onse okhota. Ku AEC ya ku Southall, imene inkapanganso mabasi ofiira a mu London, maina a malole ankayamba ndi chilembo M: Matador, Mercury, Mandator, Marshal, Mammoth Major, pamene a mabasi ambiri ankayamba ndi R, monga Regent ndi Routemaster. Chizindikiro chake ndi cha makona atatu, chobiriwira ngati thambo, nsonga itayang'ana pansi. Albion ya ku Glasgow, imene inayamba mu 1899, inkasankha maina onunkhira Scotland monga Chieftain, Clydesdale, Reiver ndi Claymore, ndipo chizindikiro chake ndi dzuwa lotuluka. Dzina la Albion linachotsedwa pamalole mu 1972, koma Clydesdale ndi Reiver zinapitirira zitavala dzina la Leyland, chinthu chimene chimasokoneza ambiri mpaka lero.

Powerenga pali chizolowezi cha a ku Britain chofunika kuchidziwa: amawerenga mathero a maekiselo, osati matayala enieni. Lole imene iwo amati ndi ya mawilo 8 kawirikawiri imakhala ndi matayala 12, chifukwa akumbuyo ndi awiriawiri. Lole yotere, yosadukiza pakati, ya maekiselo awiri okhota kutsogolo ndi awiri kumbuyo, inabadwa chifukwa cha malamulo. M'zaka za m'ma 1930 boma la Britain linalola kuti galimoto ya maekiselo 4 izilemera mpaka matani 22 pamodzi ndi katundu, kuposa ya maekiselo 3, ndipo makampani anathamangira kuwonjezera ekiselo. Mu 1955 malirewo anakwera kufika matani 24. Maonekedwe a lole ya ku Britain nthawi zambiri anachokera m'buku la malamulo osati m'mutu mwa wojambula.

Mboni yachiwiri ndi khutu, ndipo pano madalaivala akale amaposa mabuku onse. Commer inatulutsa mu 1954 injini ya TS3, chinthu chodabwitsa ngakhale lero: masilinda 3 ogona chopingasa, m'silinda iliyonse muli mapisitoni awiri oyang'anizana, onse pamodzi 6, ndipo mafuta amaphulika pakati pawo nthawi iliyonse akakumana. Inali yaing'ono, pafupifupi malita 3.3, yoti n'kubisika pansi pa mipando, koma phokoso lake linkamveka lole isanaonekere, ikugogoda ikaima, ikulira mokuwa ikamakwera phiri. Foden nayo inali ndi injini yakeyake ya mtundu wophulika kawirikawiri chomwecho, yolira mosiyana ndi zina zonse. Mbali inayo kunali Gardner ya ku Patricroft, pafupi ndi Manchester, yoyenda modekha, yosamwa mafuta ambiri, yotulutsa utsi woyera m'mawa kukazizira. Gardner 6LXB inali ya malita 10.45 koma inkapereka mphamvu ya mahatchi 180 okha, ndipo inkakhala zaka zambiri osatsegulidwa. Eni malole ankaikonda. Madalaivala ofulumira ankaidandaula.

Koma khutu nalonso lili ndi malire. Gardner yomweyo inkapezeka mu Foden, mu ERF, mu Atkinson, mu Guy ndi mu Scammell, chifukwa makampani amenewa ankagula injini, giyabokosi ndi maekiselo kwa ena n'kulumikiza malinga ndi zofuna za wogula. Wina ankasankha Gardner, wina Cummins, wina Rolls-Royce. Kuno ku Africa kunawonjezekanso china: injini yoyamba ikatha ndipo masipeya akasowa, amakaniko ankaikamo iliyonse imene yapezeka n'kukwana. Luso limenelo ndi lotamandika, ndipo ndilo linatalikitsa moyo wa malole ambiri, koma likutanthauza kuti kulira kwa injini kumanena za injiniyo, osati za lole yonse.

Foden ndi ERF zimafuna mawu apadera chifukwa zinachokera m'tauni imodzi ya Sandbach ndi m'banja limodzi. Foden inatchuka ndi malole oyendera nthunzi. Kutabuka kusagwirizana pa nkhani yosiya nthunzi n'kuyamba dizilo, Edwin Richard Foden anachoka, ndipo mu 1933 iye ndi mwana wake Dennis anayambitsa kampani ina imene inatenga zilembo zoyamba za dzina lake. M'zaka za m'ma 1950 ERF inatulutsa mutu wa KV, wodziwika ndi pakamwa pobulungira ngati dzira ndi galasi lozungulira mpaka m'mbali. Foden inayankha mu 1958 ndi S21, mutu wa fayibagalasi wokhotakhota umene madalaivala anaupatsa dzina la Mickey Mouse. Onse awiri anathera m'manja mwa alendo: Foden inagulidwa ndi Paccar ya ku America mu 1980 n'kutha mu 2006, ERF inagulidwa ndi MAN ya ku Germany mu 2000 ndipo dzinalo linazimiririka patangopita zaka zochepa.

Ena ndi osavuta. Atkinson ya pafupi ndi Preston inasiya ladiyeta panja pamene anzake ambiri anali ataibisa kale, pakati pake pali chilembo A chachikulu m'kati mwa mkombero. Guy ya ku Wolverhampton inkaika pamwamba pa ladiyeta mutu wa mfumu ya anthu oyamba a ku America itavala nthenga, ndipo Big J yake ya mu 1964 inatenga chilembocho kwa Jaguar, imene inagula kampaniyo mu 1961. Scammell ya ku Watford inapanga zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri: kagalimoto ka mawilo atatu kotchedwa Scarab, kokoka ngolo m'masiteshoni a sitima, ndi zimphona monga Constructor ndi Contractor zokoka katundu wosanyamulika ndi lole wamba.

Woweruza womaliza ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi. Kamapezeka m'kati mwa mutu, pafupi ndi chitseko kapena pansi pa mpando, ndipo nambala yomweyo nthawi zambiri imakhala itadindidwa pachitsulo chachikulu cha chasisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamafunika bulashi yawaya, mafuta pang'ono ndi tochi, chifukwa dzimbiri ndi penti ya zaka zambiri zimakhala zitaphimba zilembo. Zilembo zoyamba zimanena mtundu, ndipo nambala yotsatira imathandiza kupeza chaka. Ngati blue book ikadalipo, nambala ziwirizo ziyerekezedwe. Zikasiyana, ndiye kuti mutu kapena chasisi chinasinthidwa, chimene si chachilendo pa lole imene inagwapo m'phompho n'kuukitsidwa ndi ziwalo za inzake. Injini nayo ili ndi nambala yakeyake. Mboni zitatuzi zikagwirizana, dzina la lole latsimikizika.

A ku Britain anaitenga nkhaniyi mozama. M'tauni ya Leyland muli British Commercial Vehicle Museum, imene imasunga malole, mabasi ndi zikalata zakale za mafakitale. Ku Biggar, ku Scotland, kuli gulu losunga mbiri ya Albion. Kuyambira 1962 bungwe la Historic Commercial Vehicle Society limayendetsa malole akale kupita ku Brighton m'mwezi wa May. Munthu wokhala ndi nambala ya chasisi ali ndi poyambira kufunsa. Munthu wopanda nambala ali ndi nthano chabe.

Pali mawu otsutsa amene ayenera kumvedwa. Malole amenewa ndi otsalira a nthawi imene dziko lino linkagula chilichonse ku Britain, osati nthawi zonse chifukwa chinali chabwino koposa, koma chifukwa ulamuliro ndi malonda zinali m'manja mwa a kumeneko, ndipo chiwongolero cha kumanja chinkagwirizana ndi misewu yathu. Ambiri ankafuka utsi, mabuleki awo sangafanane ndi a lero, ndipo galimoto za ku Japan zinawagonjetsa pamsika mwachilungamo. Banja limene lili ndi chitsulo cha matani 4 pabwalo, fizi ya mwana ikudikira, silingadzudzulidwe likaitana ogula zitsulo zakutha. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angapemphe kuti lole ya 1960 ibwerere pamsewu wa M1 itanyamula anthu.

Koma kunena kuti mbiri imeneyi ndi ya azungu okha n'kulakwa. Lole inapangidwa ku Dunstable, inde, koma amene anaimangira bodi yamatabwa, amene anaitsitsa pa Chiweta mabuleki akununkha, amene anaisula sipuling'i yothyoka pamoto wamakala, ndi Amalawi. A ku Pakistan anazindikira zimenezi kalekale. Anatenga Bedford TJ, naikongoletsa ndi penti, magalasi, maunyolo ndi zosema mpaka inasanduka chizindikiro cha dziko lawo, ndipo lero palibe amene amaiona ngati galimoto ya mlendo. Kuno ngakhale mbiri ya dzulodzuloli ikutayika. Stagecoach ya ku Scotland inagula gawo lalikulu la United Transport Malawi mu 1989, inabweretsa mabasi a ERF Trailblazer ndi mabasi osanja a Daimler amene anagwirapo ntchito ku Hong Kong, kenako inachoka mu 1997 kampaniyo n'kukhala Shire Bus Lines. Anthu amene anakwera mabasi amenewa akadali moyo, ambiri sanafike n'komwe pa ukalamba, koma ndi ochepa amene angaloze chithunzi n'kutchula mtundu wa basiyo.

Malo oyambira alipo kale. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ili ndi makina akale a mtengatenga pabwalo pake, ndipo Society of Malawi imasunga mabuku ndi zithunzi ku Mandala House. Chikusowa ndi kaundula wa malole ndi mabasi akale amene atsala m'dziko muno, wolembedwa ndi maina olondola. Imeneyi si ntchito yofuna mamiliyoni. Ophunzira zaumakaniko m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche ndi Lilongwe Technical College angaigwire ngati gawo la maphunziro awo, ndipo angapindule pawiri, chifukwa injini ya 330 kapena O.680 imaonetsa poyera zonse zimene injini zamakono zimabisa kuseri kwa mawaya ndi kompyuta. Nthawi yofunsa madalaivala ndi amakaniko opuma ntchito ndi ino, pamene akukumbukirabe kuti lole yakutiyakuti inali ya ndani ndipo inkayenda njira iti.

Kwa amene ali ndi lole yotere pakhomo, pagalaja kapena paesiteti, pempho ndi laling'ono. Asanabwere odula zitsulo ndi moto wawo, jambulani ndi foni kumaso kwake, mbali imodzi yonse kuti maekiselo ndi chitseko zioneke, injini, ndi kachitsulo ka nambala ya chasisi mutakapukuta bwino. Lembani kumene lole inagulidwa, ntchito imene inkagwira ndi chaka chimene inaima, sungani blue book ngati ilipo, ndipo tumizani zimenezi ku Chichiri kapena ku Mandala House. Mukatero gulitsani chitsulocho ngati mukufuna.